Galimoto ya Consolata m'Balani

Bokosilo anandipatsa ndi amalume ogwira ntchito ku loji ya Lifupa, ati mlendo wina analisiya. Munali tizidutswa tapulasitiki ta chidole cha galimoto yampikisano, guluu ndi timabotolo ta penti. Chilembereni mayeso a Fomu 4 ndinalibe chochita, ndiye ndinatha masabata atatu ndikumata timatayala ndi timipando, mtima uli pa Consolata, mtsikana amene ndinkamufuna. Ankanyamuka Loweruka kukagwira ntchito yapanyumba ku Lilongwe, ndipo ndinkafuna atenge kanthu kochokera m'manja mwanga.

Lachisanu ndinaipaka penti yofiira. Mvula osakata, penti osauma. Ndikaikhudza, chala chinkasiya chidindo.

M'balani ya abambo munali fodya wowotcha, moto uli pachimake. Ndinalowa n'kuika galimotoyo pa njerwa pafupi ndi paipi yotentha. Ndinati kanthawi kochepa basi, iume ndikapereke.

Pobwerako ndinapeza itasungunuka, ikudonthera papaipi, utsi wakuda ukukwera m'masamba achikasu aja.

Abambo anathothola tsamba limodzi n'kulinunkhiza. Sanakalipe n'komwe.

"Levison, fodyatu amamwa fungo," anatero. "Ku okushoni wogula amayamba ndi mphuno. Balani yonseyi yapita, mwana wanga."

Loweruka m'mawa ndinali pamwamba m'balanimo, ndikutsitsa fodya wonunkha pulasitiki, abambo akulandirira pansi. Pakabowo ka mpweya ndinamuona Consolata ataimitsa kabaza pamsewu wa ku Santhe, chikwama pamiyendo. Anandiitana kawiri.

"Akukuitanatu," anatero abambo osandiyang'ana.

Ndinapitiriza kutsitsa fodya mpaka njingayo inanyamuka.