Kiyi Wachitatu

Basi inanditsitsa pomwe msewu unathera. Sikisi koloko chabe, koma kunali kutada kale. Chisanu cholasa m'mafupa. Nyumba zamiyala khumi ndi ziwiri, tchalitchi, galu mmodzi wosauwa.

Ine ndinabadwira m'tauni, ku Andorra la Vella, pamwamba pa sitolo ya fodya ndi perefyumu. Ndakhalako ku Marseille. Ku Hamburg. Pano ndimachita lendi kachipinda ku Lisbon. Koma kumudzi kwa bambo anga, ulendo wosakwana ola limodzi, ndinali ndisanapondeko.

Tochi inandiunika kumaso.

"Ermengol. Mphuno ndi ya abambo ako. Kiyi wabwera naye?"

Anali azakhali anga a Roser. Moni anausiya kunyumba.

Nkhani yake ndi iyi. Mudziwu uli ndi bokosi lake. Maloko atatu, makiyi atatu, mabanja atatu. Wachitatu ndi wathu, ndipo bambo atamwalira anagwera ine. M'bokosimo muli kalata ya makolo yonena za dambo lakumtunda, kufupi ndi malire a France, komwe ng'ombe khumi ndi zinayi za azakhali zimadya msipu chipale chofewa chikasungunuka. A Ventura, oyandikana nawo nyumba, ankati dambolo ndi lawo. Ankafuna kulibwereketsa kwa anthu a masewera otsetsereka pa chipale. Kalata ikapanda kuwerengedwa pamaso pa mudzi tsiku limenelo, dambo lipita. Ng'ombe zigulitsidwa.

"Zakhali," ndinatero, "ndinamutaya. Mwina ku Hamburg."

Sanakuwe. Anangoloza jekete langa.

"Nanga chikulira m'thumbamo n'chiyani?"

"Wa chitseko changa ku Lisbon."

Anamuunika. Wachitsulo, wamtali, wadzimbiri.

"Wooneka bwino kuposa wa abambo ako. Tiye."

Msonkhano unali m'chipinda cha pambali pa tchalitchi. Anthu makumi awiri, zipewa m'manja. Pakhoma zithunzi za mafumu athu awiri, bishopu wa mbali ya Spain ndi mtsogoleri wa France. Onsewo sakhala m'dziko muno. Mwina n'chifukwa chake sitinayambanepo nawo kwenikweni.

Bokosi linali pakona. Lakuda, lalitali ngati la maliro.

A Ventura, bambo wamimba ndi ndevu zoyera, anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Wa m'tauni uja ndi ameneyu? Taonani nsapatozo, zovinira. Ng'ombe unaionapo iwe?"

"M'mbale, bambo."

Anthu anaseka. Iwo sanaseke.

Anayamba a Cisco, mkulu woliza belu la tchalitchi. Analowetsa kiyi wawo, kupotoza, kubuula. Kenaka a Ventura. Anapotoza ndi manja awiri, mitsempha n'kutuluka m'khosi. Anabuula kuposa a Cisco.

Azakhali ananditsina.

"Lowetsa, upotoze, ubuule pang'ono," ananong'ona. "Maloko onsewa anafa chaka cha madzi osefukira. Usaseke."

Ndinagwada. Kiyi analowa theka, n'kukana. Ndinabuula. Mwina ndinafulumira, chifukwa ndinali ndisanapotoze.

"Imani!" A Ventura anawerama, magalasi pamphuno. "Kiyi wa banja lino ndimamudziwa. Mutu wake unali wozungulira. Uyu ali ndi kachingwe kofiira. Si ameneyu!"

Ndinayamba kuwerenga ng'ombe za azakhali m'mutu, imodziimodzi, zikukwera lole.

Azakhali anapinda manja pachifuwa.

"Zoona, a Ventura, tiyendere makiyi. Tiyambe ndi wanuyo. Bweretsani tikamuyese pa khola lanu la nkhuku. Pamene mukutsegula m'mawa uliwonse ine ndimakhala pazenera."

A Cisco anaponya wawo m'thumba mwachangu, n'kuyamba kuyang'ana bishopu pakhoma.

A Ventura anatsokomola. Anavula magalasi, kuwapukuta pamalaya, kuwavalanso.

"Nyale za muno n'zofooka," anatero. "Ndaonetsetsa tsopano. Ndi yemwe uja. Wangokalamba."

"Tonse takalamba," anatero a Cisco.

Ndinabuulanso, nthawi ino mwaulemu. Chivundikiro chinatseguka ndi chala chimodzi.

Kalata inali pansi pa mabuku a ubatizo, yachikasu, mbewa zitalawako pangodya. A Cisco anawerenga pang'onopang'ono. Dambo ndi la nyumba yathu malinga ngati ng'ombe zikudyapo. Anabwereza kawiri chifukwa a Ventura anati sanamve. Kenaka amuna atatufe tinatsekanso bokosi, aliyense ndi kubuula kwake.

Kunyumba kunali supu wa kabichi ndi nyama ya nkhumba. A Ventura anabwera osaitanidwa. Anadya mbale ziwiri. Ananena kuti mchere wachepa.

Basi yotsika inali ya hafu sikisi m'mawa. Ndinapisa m'thumba. Mulibe kanthu. Kiyi anali pamsomali pakhoma, pansi pa mtanda, kachingwe kofiira katachotsedwa.

"Zakhali, kiyi wanga."

"Wako uti? Mudzi wonse wamuona akutsegula bokosi. Ndi wa makolo ameneyo."

"Nanga ku Lisbon ndikalowa bwanji?"

"Wazungulira maiko onsewa, ukalephere zenera?"

Anandipanikiza tchizi m'khwapa, wolemera ngati mwala. Kukhola ng'ombe zinali zitayamba kulira. Anatenga ndowa, osacheuka.

Basi inaliza hutala. Ndinathamanga, nsapato zovinira zikuterera pa chipale.