Mkono Wamanzere wa Juzi ya Maziko

"Uotche kaye kaulusiko, iwe Maziko," anatero azakhali ake, a Veronica, ataima pakhomo ndowa ili m'manja. "Tenga machesi. Kakanunkha ngati tsitsi lopserera, umenewo ndi ubweya wa nkhosa, sufuna madzi otentha. Kakasungunuka ngati jumbo, ndi wa pulasitiki. Ziwirizi siziyendera limodzi."

"Wonsewu ndi wabuluu, azakhali," anayankha Maziko osadzutsa mutu. "Maso anga akuona bwinobwino."

"Maso amaona mtundu basi. Ine ndanena."

Maziko anali pamkeka kuseri kwa nyumba yake ku Bangwe, akuphwasula juzi yachiwiri imene anagula pa kaunjika ku Limbe. Ulusi wa juzi yoyamba unakwanira thupi lonse ndi mkono wamanja, n'kutha. Tsono anabwereranso kumsika, n'kusanthula milu mpaka anapeza ina yofanana mtundu. Zinthu za pa kaunjika si zozikhulupirira. Sudziwa kumene zachokera, sudziwa amene anazivala. Koma munthu akafulumira, khutu limatseka.

Chimene chinkamuthamangitsa chinali chinkhoswe cha mng'ono wake Kondie, chomwe chinali kudzachitika Loweruka. Maziko anali ndi mbiri yosamaliza zinthu. Anayamba kuphunzira utelala, anasiyira pa mabatani. Anayamba kukazinga mandasi, anasiya sabata yachitatu. Ndiye tsiku lina ananena pamaso pa abale onse kuti pa chinkhoswe cha Kondie adzavala juzi yoluka yekha. Anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri anali mwamuna wake, Herbert.

"Ukaimaliza imeneyo, mayi," anatero Herbert, "ine nditafuna masipoko a njinga amene ukulukirawo."

"Yambani kunola mano, bambo," anayankha Maziko.

Ndipo analukadi. Ankaluka podikira madzi pampopi, ankaluka mu minibasi, ankaluka nyemba zili pamoto mpaka tsiku lina zinapserera. Zala zinachita matuza. Lachinayi madzulo analumikiza mkono wamanzere, n'kuluma ulusi womaliza. Juzi inatha, yokongola ndithu, mikono yonse iwiri yofanana.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni. Maziko ananunkhiza juzi ija, namva kuti fungo la kaunjika lidakalimo. Madzi a mumgolo anali ozizira ngati angadule zala, ndiye anatereka ena pambaula mpaka anayamba kulira. Anathira m'beseni, anaikamo sopo, n'kuifikisa juziyo ndi mtima wonse. Madzi otentha ndi oopsa, amaononga zinthu mwakachetechete.

Pofinya ndi pamene anaona. Thupi la juzi linali momwemo. Mkono wamanja unali momwemo. Koma wamanzere unakhwinyata, unabwerera mpaka pachigongono, n'kulimba ngati chidutswa cha bulangete. Anaukoka. Anauponda ndi phazi n'kukokanso. Sunasunthe.

Herbert anatuluka ndi kapu ya tiyi, nayang'ana pachingwe. "Kodi mwaluka ya ndani, ya mkulu mbali iyi, ya mwana wa ku nazale mbali iyo?" Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mkazi wake anameza chiseko. "Sole, mayi. Ndiimbire achemwali ku Chilomoni, akubwereke yawo yakuda ija. Palibe amene adziwe."

"Onse adziwa," anatero Maziko. "Anena kuti Maziko wasiyanso."

Anatenga juzi yonyowayo n'kupita nayo kwa azakhali ake, nyumba yachitatu kuchokera pawo. A Veronica anaitembenuza uku ndi uku, osafulumira kulankhula.

"Unaotcha?"

"Ayi."

"Safunsa anadya phula. Nanga iwe wouzidwa, tikuti wadya chiyani?"

"Ndalakwa, azakhali. Tiphwasule mkonowu, ndilukenso."

A Veronica anatenga sipoko, nayesa kutokosa ulusi. Sunatuluke ngakhale pang'ono. "Uwu wagwirana, mwanawe. Ubweya ukaphikidwa subwerera. Ukaudula, ulusi wina uupeza kuti lero? Ndipo mkono unakutengera masiku angati?"

"Asanu."

"Ndiye ukaponye chitenje paphewa, ubise. Ukakhale kumbuyo, usamaimirire."

"Sindingakhale kumbuyo. Kondie anandipempha kuti ndikanyamule lichero la ziwiya. Ndikavina nalo pamaso pa akuchimuna onse, manja ali chotambasula."

"Ndiye vula. Anthu a ku Misesa, kumene kukachitikire chinkhosweko, pakamwa pawo sipatseka. Akakujambula pa mafoni awo, dzuwa lisanalowe Ndirande yense wakuona. Ine ndikuopera iwe."

Maziko anasisita mkono wolimba uja. Kenaka anati, "Azakhali, m'juzi muno muli mizere yoposa mazana awiri. Ndalakwitsa mkono umodzi. Ndibise yonseyo chifukwa cha mkono umodzi?"

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere," anatero a Veronica, akumubwezera juzi. "Koma ukaiyanike pamthunzi, usaiyandikize kumbaula. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva ngati mmene unamvera za machesi?"

"Ndamva zenizeni, azakhali."

Loweruka ku Misesa kunali mphepo yolowa m'mafupa. Anthu anadzaza pabwalo atafunda zitenje ndi majekete. Ankhoswe atamaliza kusinthana nkhuku, mkulu woyendetsa mwambo anaitana mchemwali wa mkwatibwi. Maziko anaimirira. Chitenje chimene a Veronica anamuponyera paphewa anachisiya pampando. Ananyamula lichero, momwe munali mthiko, chipande ndi mbale, n'kulowa m'bwalo akuvina, mkono wina wofunda mpaka padzanja, wina uli pamtunda kuyambira pachigongono.

Chiseko chinayambira kumbuyo, kwa atsikana, n'kufalikira. Mafoni anakwera m'mwamba. A Veronica anagwira pakamwa, maso ali pansi.

"Achemwali," anatero woyendetsa mwambo pa maikolofoni, "fashoni imeneyi yafika liti mu Blantyre muno? Kapena telala anathawa ntchito ili pakati?"

Maziko anaika lichero patsogolo pa Kondie, n'kupempha maikolofoni.

"Telala wake ndine, ndipo sindinathawe. Juziyi ndaluka ndekha. Azakhali anandiuza kuti ndiotche ulusi ndisanausakanize, ine ndinakana. Mkono uwu ndi wa kumva, uwu ndi wa kusamva. Kondie, m'banja ukupitamo udzalakwitsa zambiri. Usamathawe, uzimaliza."

Amayi ena analulutira, ena anapitiriza kuseka. Kondie anadzuka, namugwira mkono wosafundawo, n'kuvina naye mpaka nyimbo inatha. Herbert anawomba m'manja nthawi yaitali kuposa aliyense.

Koma mphepo ya mu Julaye simva zolankhula za pa maikolofoni. Mkono umene unakhala pamtunda tsiku lonse unamubweretsera chimfine, ndipo Maziko anagona masiku anayi, akutsokomola ngati galimoto yakale pachitunda cha Bangwe. Podzuka anapeza kuti chithunzi chake chafika kale ku Ndirande, ndipo amayi a pampopi amupatsa dzina. Mpaka pano samutchulanso Maziko. Amati a Nachigongono, ndipo iye amayankha.