Envelopu ya Mayi Tuyet

Mu Seputembala 1988, Felistas Kalekeni anauzidwa kuti akonzeke ulendo wa ku Vietnam. Bungwe lomwe ankagwirako ntchito ku Washington linkathandiza alimi a mpunga, ndipo linkafuna munthu woti akaone minda yomwe inkaonongeka ndi madzi amchere ochokera m'nyanja. Anzake a ku America sankapatsidwa msanga chilolezo cholowera m'dzikolo, poti mabala a nkhondo anali asanapole. Iye anali ndi pasipoti ya Malawi, komanso mpunga ankaudziwa kuyambira ali mwana ku Domasi.

Za ulendowu anazitchula mongocheza kwa Mayi Tuyet, telala wa pakasitolo kena ku Wheaton, kufupi ndi Washington, tsiku lomwe anapita kukafupikitsa siketi. Atangoti akafika mpaka ku tauni ya Hoi An, mayiwo anaimitsa makina. Analavulira m'manja mapini omwe anali atalumira, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi kwathu kumeneko," anatero.

Mayi Tuyet anathawa m'dzikolo pa bwato mu 1979, mwana ali m'manja. Bambo awo owabereka anatsala. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, koma tsopano panali patatha zaka zitatu kuli zii. M'mawa mwake mayiwo anafika kunyumba kwa Felistas ndi envelopu yaing'ono. Munali zithunzi zinayi za ana awo ndi kalata ya tsamba limodzi. Dzina la bambowo, la msewu ndi nambala ya nyumba analemba pa kapepala kapadera.

"Musaonetse aboma," anatero. "Abale a anthu amene tinathawa amaonedwa ndi diso lina. Ngati muona kuti n'zoopsa, ng'ambani, sindidzakudandaulani."

Patson, mwamuna wa Felistas, sanagwirizane nazo.

"Mayi a Towera, mwaiwala kwathu? Kalata imamangitsa munthu. Msuweni wanga Gresham anakhala m'ndende zaka ziwiri chifukwa cha kalata yomwe sanalembe n'komwe, anangoinyamula."

"Ndi zithunzi za ana basi."

"Inunso muli ndi mwana. Akakutsekerani kumeneko ndikakufunsa kwa ndani? Kazembe wathu kulibe."

Felistas anamasula ulusi wa kansalu kamkati mwa chikwama chake cham'manja, n'kulowetsamo envelopuyo, n'kusokanso.

Gulu lawo linali la anthu anayi. Atatera ku Da Nang analandiridwa ndi womasulira wa boma, Bambo Binh, munthu wowonda wa tsitsi la imvi, yemwe ankayenda mokokera mwendo wamanzere. Sankaseka. M'thumba la malaya ake munkakhala kabuku kobiriwira, ndipo aliyense akafunsa funso kapena kujambula chithunzi, iye ankatulutsa kabukuko n'kulembamo.

Tsiku lachitatu anafika ku Hoi An. Inali tauni yakale ya amalonda, komwe zombo za ku China ndi ku Japan zinkabwera kudzagula silika ndi zokometsera zakudya, mpaka mtsinje wa Thu Bon unadzaza mchenga, zombo n'kusiya kubwera. Nyumba zake zinali zachikasu, zopanikizana, madenga a matailosi atamera ndere. M'misewu munali njinga zokhazokha. Pamakoma panali mizere yakuda yosonyeza pomwe madzi osefukira anafika zaka zam'mbuyo, ndipo ina inali pamwamba pa mutu wa munthu. Kulikonse kumene Felistas ankadutsa anthu ankasiya zochita n'kumamuyang'ana. Munthu wakuda m'tauni imeneyo sakanabisala.

Masana, anzake akuonetsedwa kamlatho kakale kofoleredwa ndi denga, iye ananamizira mutu, n'kunena kuti akukagona kunyumba ya alendo. Anakhotera mumsewu wina, akuwerenga manambala a pazitseko. Nyumbayo anaipeza. Inali ya matabwa akuda, ndipo pakhomo panali mayi wina akusankha nsomba zouma m'lichero. Felistas anamuonetsa kapepala kadzina. Mayiyo anawerenga, nkhope n'kusintha. Anapukusa mutu mwamphamvu, anatola lichero lake, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Potembenuka, Felistas anaona Bambo Binh ataima kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, kabuku kali m'manja.

"Mutu wapola, mayi?" anafunsa.

"Ndimafuna mphepo. Ndasochera."

"Nyumba ya alendo ili uku."

Anabwerera limodzi. Kapepala kaja Felistas anakafinya m'dzanja mpaka kananyowa ndi thukuta.

M'mawa mwake kunacha ndi mitambo yakuda. Akumwa tiyi, Bambo Binh analengeza kuti dongosolo lasintha. Anzake atatuwo apita pa galimoto kukaona damu. Mayi Kalekeni okha, poti ndiwo odziwa za mbewu, apita nawo pa bwato kukaona minda ya kumunsi kwa mtsinje.

"Ndekha?" anafunsa Felistas.

"Bwato ndi laling'ono."

Anayang'ana mtsogoleri wa gulu lawo, Michael, koma iye anangoti ndi mwayi umenewo, akajambule zithunzi zambiri. Felistas anafuna kumukokera pambali kuti amuuze zonse, koma Bambo Binh anali ataima kale pakhomo, atamunyamulira ambulera.

Bwatolo linali lalitali, lopapatiza, lojambulidwa maso awiri kutsogolo. Linkayendetsedwa ndi mayi wachikulire wovala chipewa chosongoka, yemwe sanamuyang'ane Felistas ngakhale kamodzi. Anadutsa padoko pomwe amayi ankatsitsa madengu a nkhanu, anadutsa maukonde akuluakulu olendewera pamitengo, kenako tauni inatsala m'mbuyo. Mvula inayamba kuwaza. Madzi anali ofiira ngati a m'dambo, ndipo ankanyamula zinyalala, nthambi, ngakhale nkhuku yakufa.

Patapita ola, bwato linakhotera m'kamtsinje kakang'ono. Mbali zonse ziwiri kunali mitengo yonga migwalangwa, yomera m'madzi momwemo, masamba ake akukumana pamwamba. Munali mdima ngati madzulo. Panalibe munda, panalibe nyumba, panalibe bwato lina. Anakhotanso kawiri, katatu, mpaka Felistas sanadziwenso komwe anachokera.

"Minda ija ili kuti?" anafunsa.

"Patsogolo."

Felistas sankadziwa kusambira. Anakumbukira nkhani zomwe anthu ankanong'onezana kwawo, za anthu otengedwa pa galimoto m'mawa, osabwereranso, abale n'kuuzidwa kuti anachita ngozi. Apa sipakanafunika ngakhale bodza lalikulu. Mvula ikugwa, madzi akukwera, mlendo anaterereka. Anaganiza za mwana wake Towera, yemwe pomuperekeza ku bwalo la ndege anangoti, "Bring me something, Mom," maso ali pa buku.

Mayi woyendetsa uja anazimitsa injini. Kunangotsala phokoso la mvula pamasamba.

Bambo Binh anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Mwanyamula chiyani cha a Phuc?"

Limenelo linali dzina la pakapepala kaja.

"Sindikuwadziwa."

"Mayi wa panyumba ija anakanena kwa mkulu wa dera dzulo lomwelo. Amayenera kutero, apo ayi mlandu ukanakhala wake. Mkuluyo anandiitana. Ndikufunsaninso, mwanyamula chiyani?"

Felistas anakumbatira chikwama pachifuwa. Anaganiza zochiponya m'madzi, koma sanatero.

"Zithunzi za ana," anatero. "Ndi kalata ya mwana wawo wamkazi. Palibenso china. Anzangawa sakudziwa chilichonse."

Bambo Binh analoza patsogolo pomwe kamtsinjeko kanachepa kwambiri moti bwato silikanadutsa. Pamenepo panamangiriridwa chinthu chozungulira chonga dengu lalikulu, cholukidwa ndi nsungwi n'kumatidwa phula.

"Kwerani umo."

"Sindingathe."

"Kwerani, mayi. Nthawi yatithera, madzi akukwera."

Anakwera chokwawa. Dengulo linapendekera mbali iyi, kenako iyo, madzi n'kulowa pang'ono. Bambo Binh anagwada kutsogolo n'kuyamba kupalasa ndi nkhafi imodzi. Felistas anatseka maso, akupemphera chamumtima pemphero lomwe anali asanalinene kwa zaka zambiri. Nthambi zinkamukwapula kumaso. Nthawi ina dengulo linagunda chitsa n'kuzungulira, iye anakuwa.

Atatsegula maso anaona kachilumba kamatope, ndi kanyumba kofolera ndi masamba, kokwezedwa pamitengo. Pakhonde panali nkhalamba itaweramitsa mutu, ikuluka mkeka wa mlulu wofiira ndi wachikasu.

"A Phuc ndi amenewo," anatero Bambo Binh. "Nyumba ya m'tauni anawachotsamo. Muli ndi mphindi makumi awiri."

Felistas anakhala pamakwerero, n'kuyamba kudula ulusi wa chikwama ndi mano.

Nkhalambayo inalandira envelopu ndi manja awiri. Maso ake anali ataphimbidwa ndi ng'ala, moti chithunzi chilichonse inkachiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno. Bambo Binh anaiwerengera kalatayo motsitsa mawu. Sinalire. Inangofunsa mafunso, iye n'kumamasulira. Kodi Tuyet akudya bwino? Kodi kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma, monga amanenera? Kodi mnyamata wamkuluyu akufanana ndi ndani, poti maso sakuona bwino? Felistas anayankha zonse. Kenako nkhalambayo inatenga kalatayo n'kuiponya pambaula. Zithunzi inazilowetsa mkati mwa nsungwi ya denga. Inadula kachidutswa ka mkeka womwe inkaluka, kokwana m'dzanja, n'kumupatsa Felistas.

"Akuti mwana wawo adzazindikira kalukidwe kake," anatero Bambo Binh. "Kalata sangalembe."

Pobwerera mvula inakula. Atafika pamtsinje waukulu anapeza madzi atakwiya, akuthamanga ndi mitengo yathunthu. Injini inazima kawiri. Mayi woyendetsa uja anamuponyera Felistas chitini, ndipo anakapa madzi mpaka mapewa anachita dzanzi. Ali mkati mokapa, Bambo Binh anamuyandikira n'kulankhula pafupi ndi khutu lake.

"Lero taona minda itatu ya ku Cam Thanh. Mpunga wapsa ndi mchere. Mukalembe zimenezo, inenso ndilemba zomwezo. Kwa mkulu wa dera ndinanena kuti munkafuna telala, munalakwitsa nyumba."

"Mwachitiranji zimenezi?"

"Mng'ono wanga anakwera bwato mu 1981. Dzina lake ndi Tran Van Loc. Sitinamvepo kanthu. Musalembe paliponse. Lisungeni m'mutu."

Felistas analibwereza dzinalo mpaka anafika padoko, pomwe madzi anali atayamba kale kulowa m'misewu ya m'mphepete.

Patatha masiku awiri, tsiku lopita ku bwalo la ndege, kunabwera womasulira wina, wachinyamata, wa nsapato zonyezimira. Michael atafunsa za Bambo Binh, anayankhidwa kuti apatsidwa ntchito ina. Pabwalopo asilikali anakhuthula chikwama cha Felistas yekha. Mmodzi anapisa chala pomwe panali pomasulidwa ulusi paja, n'kumuyang'ana. Anatola kachidutswa ka mkeka, anakatembenuza, n'kukabwezera. Ndege itanyamuka, Felistas anapita kuchimbudzi kukasanza.

Ku Wheaton, Mayi Tuyet atalandira kachidutswako anakanunkhiza, n'kukhala pansi pakati pa sitolo, makasitomala akuona. Felistas anawauza zonse, ndi dzina lija lomwe. Mayiwo analilemba pamapepala n'kukamata m'masitolo a anthu akwawo ku Arlington, ena n'kutumiza ku matchalitchi ndi akachisi a ku Texas ndi California.

Miyezi isanu inadutsa. Loweruka lina masana, Felistas akuchapa, Patson anamuitana kuti kwabwera mlendo. Pabalaza panali bambo wina wovala yunifolomu ya kampani yokonza mafiriji. Anati dzina lake ndi Loc, ndipo wayendetsa galimoto kuchokera ku Philadelphia. Chipumi chake ndi kaimidwe kake zinali za Bambo Binh.

"Munawaona achimwene anga?" anafunsa.

"Ndinawaona."

"Ndinawalembera kanayi. Nditaona kuti sakuyankha ndinasiya, ndinkaopa kuti makalata anga ndi amene akuwaika m'mavuto." Anapotokola chipewa chake m'manja. "Ali bwino?"

Felistas anayang'ana Patson. Kenako anamuuza mlendoyo zoona: kuti anawasiya ali moyo, akuyenda mokokera mwendo, koma tsiku lomaliza sanabwere, ndipo sakudziwa chifukwa chake.

Loc anaika chipewa chija patebulo.

"Ndiye ndiwalembere, kapena ndisawalembere?"

Patson ananyamuka kukatereka madzi a tiyi. Felistas anauza mlendoyo kuti bungwe lawo likuganiza zotumizanso anthu chaka chamawa, mpunga ukamakololedwa, ndipo mwina iye mwini adzapitanso. Patson anaima pakhomo la khitchini, ketulo ili m'manja, akumuyang'ana mkazi wake.