Analowera Khomo la Ogula

Ulendo wa ku Old Town a Lemson Msiska analonjeza ana awo banja likadali ku Zomba, katundu asanakwezedwe pa lole yopita ku likulu latsopano. Ankati adzawaonetsa Lilongwe weniweni, wa maofesi a njerwa zofiira ndi mlatho wakale, osati zipupa zoyera za ku Capital Hill. Chaka chinatha ali mu Area 11 ana osapitako. Anadzapita Loweruka la sabata imene a Lemson anachotsedwa ntchito.

Chifukwa chake sanauzidwe. Anangoitanidwa ndi mkulu wawo n'kuuzidwa kuti asiye makiyi patebulo, ndipo m'nyumba ya boma atulukemo mwezi ukamatha. Sanali oyamba mwa anzawo a kumpoto, ndipo panalibe amene ankafunsa.

Mkazi wawo, Ada, sanalire. Nthawi yolira analibe. Ankadziwa kuti bamboyo akapanda kupeza ntchito ina mwezi womwewo, chotsala ndi basi ya ku Rumphi, kumudzi kumene analibe munda kapena nyumba, ndipo sukulu ya Lucy ndi Reinford idzathera pomwepo. Munthu amene anamuganizira anali mmodzi: a Mansukh, mmwenye wa sitolo yaikulu mu Area 2, ku Old Town komweko, kumene anagula makatani ndi wailesi atangofika. Sitolo yotero singasowe ntchito ya kalaliki.

Ada anawauza amuna ake kuti apite okha Lolemba m'mamawa, akalowere kuseri monga amachitira ofuna ntchito. A Lemson anakana. Anati iwo si munthu woima pageti ngati wofuna ganyu. Apita ndi banja, aone malo, acheze ndi a Mansukh, nkhaniyo idzatuluka yokha. Anavala suti ya ku ofesi ndi tayi. Ana, amene sankadziwa kanthu, anavala zakutchalitchi.

Anatsika basi pafupi ndi mtsinje, n'kuyamba ndi ku Boma lakale. A Lemson anaima patsogolo pa ofesi iliyonse n'kumafotokoza ngati mphunzitsi: apa ankakhomera msonkho, apa pankakhala Bwanamkubwa wa chigawo, mitengo iyi inadzalidwa iwo asanabadwe. Anasuzumira pabwalo la gofu kudzera mumpanda. Pakhonde la hotela panali azungu ojambula zithunzi, ndipo Reinford anawongola kolala kuti mwina amujambula. Sanamuone n'komwe.

Ada ankangoyang'ana dzuwa. Loweruka masitolo amatseka masana.

"Bambo a Lucy, njerwazi sizithawa. Tiyeni."

"Ana akuphunzira mbiri, NyaGondwe."

"Mbiri adzadya mawa?"

A Lemson anakhala ngati sanamve. Anakaimanso pamlatho n'kuyamba za ng'ona zomwe akuti zinkadya anthu pamenepo. Kenaka msika, kenaka mzikiti. Pamene ankafika kwa a Mansukh, atelala a pakhonde anali atayamba kupinda nsalu.

M'sitolo munali anthu ambiri, ena a iwo nkhope za ku Capital Hill zomwe Ada ankazidziwa. A Mansukh atangoona suti ija anatuluka kuseri kwa kauntala manja ali m'mwamba. Anaitanitsa mipando, ana anapatsidwa zakumwa zozizira, ndipo a Lemson anakokeredwa kumene kunali mafiriji. Nyumba ya mu Area 11, anatero a Mansukh, siyenera kukhala yopanda firiji, makamaka ya bwana wa boma.

Ada anaona amuna ake akutsegula chitseko cha firiji n'kusuzumiramo. Anafunsa kuti inapangidwa kuti. Anafunsa ngati imadya magetsi ambiri. Anatseka, n'kutsegulanso. Khosi lawo linali thukuta lokhalokha. Apa Ada anazindikira kuti bamboyo sanena, ngakhale atakhala pamenepo mpaka Khirisimasi. Munthu amene wapatsidwa mpando wa ogula sangadzuke n'kupempha ntchito.

Ada anaimirira yekha.

"A Mansukh, firiji sitikugula. Abambowa ntchito yawathera m'boma. Amadziwa mabuku, amadziwa taipi. Tabwera kudzapempha malo."

Mawu ake sanali otsika, chifukwa Ada sanazolowere kunong'ona. Mayi wina amene ankayeza nsalu anatembenuka, n'kutembenukanso msanga. Lucy anaika botolo lake pansi.

A Mansukh anatseka firiji ija pang'onopang'ono. Anayankha mokweza, kuti onse amve, kuti malo palibe: abale awo amene anatseka masitolo kumidzi onse ali mommuno, ndipo analoza anyamata a kuseri kwa kauntala. Kenaka anawaperekeza mpaka pakhomo, ndipo ali pamenepo anatsitsa mawu.

"Mayi, mukanabwera kuseri mwakachetechete, ndikanawatumiza kosungira katundu kwa mlamu wanga. Kumeneko munthu saoneka. Koma tsopano onsewa amva. Ndikawalemba, Lolemba lomweli ndifunsidwa chifukwa chake ndikusunga munthu amene boma lamutaya. Inenso ndili ndi ana."

A Lemson anawagwira chanza n'kuthokoza chifukwa cha zakumwa, mwaulemu wonse wa ku ofesi. Ada sanathokoze. Anayang'ana mulu wa makatoni opanda kanthu umene unali pakona ya khonde, n'kufunsa ngati makatoniwo ali ndi ntchito. A Mansukh anati atenge onse amene angathe kunyamula.

Anabwerera kokwerera basi aliyense atanyamula. Reinford anavala katoni yake kumutu n'kumaseka. Lucy, amene anali wamkulu, anayenda pafupi ndi amayi ake n'kufunsa ngati sukulu ya ku Rumphi ili ndi Sitandade 8. Ada anamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, galimoto zikubwera.

M'basi a Lemson anangoti, "Mukanandidikira pang'ono, ndinali pafupi kunena." Kuti ndani analakwa, wa tayi kapena wa pakamwa, sizikanasintha tsiku lotuluka m'nyumba.

Anafika mu Area 11 dzuwa likupendeka. Pabwalo la dothi lofiira panali timitengo ta magwafa timene Ada anadzala atangosamuka, ndipo tsiku lililonse nthawi ngati imeneyo ankatithirira. Reinford anathamangira chidebe.

"Chisiye," anatero Ada. "Chiume. Tiikamo mbale."

Anayala makatoni aja pakhonde n'kuyamba kumasula makatani.