Amake mapasa ndi boti lovundikira

Kuzizira kutangotha, mitengo itayamba kuphuka, asodzi a padoko anakokera maboti awo kumtunda kuti awapale, awamate phula ndi kuwapaka penti. Boti limodzi lokha linali chivundikire, lopanda woligwira. Mwini wake anali atafa ziwalo mbali yakumanja, ndipo mawu ake sankamvekanso.

Lolemba m'mawa mkulu wake wa wodwalayo anafika kunyumba n'kukhala pampando asanauzidwe.

"Mlamu, boti lija ndikalitenga. Likungowola. Inu muzisamala matendawa."

Amake mapasa, amene ankamwetsa amuna awo tiyi ndi supuni, sanacheuke n'komwe.

"Eni ake mwawafunsa? Si awa ali apawa?"

"Angayankhe chiyani ameneyu?"

Wodwalayo anamenya ndodo pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira pamalaya.

"Mwamva nokha, alamu. Akuti ayi."

Tsiku lomwelo mayiwo anayala bulangete mu wilibala, n'kuwakweza amuna awo, ulendo wa kudoko. Bambowo ankaloza ndi ndodo, mayi n'kumapala ndere ndi tinkhono tomwe tinakakamira kumimba kwa boti. Akalakwitsa, ndodo inkagogoda wilibala. M'ming'alu ankakhomeramo chingwe chopota, pamwamba n'kuthira phula lotentha.

"Mayi, phulatu si mafuta odzola!" anakuwa msodzi wina wadazi, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

"Dikirani ndimalize kuno, ndidzamate pakamwa panupo. Pakudontha kuposa botili."

Thabwa limodzi linali litafumbwa, chala chinkangolowa. Kalipentala wa padoko anati watanganidwa, maso ali kwa alamu aja. Mayiwo anakazula thabwa la benchi ya pakhonde, nalipala okha masiku awiri, manja ali matuza okhaokha.

Litafika tsiku lolikankhira m'madzi, amuna onse anapinda manja. Amake mapasa sanawapemphe. Anangolowera kumsika wa nsomba, n'kubwerako ndi amayi asanu ndi atatu, mamba ali mbuu m'mikono. Anayala mitengo pansi, mmodzi anawerenga mpaka katatu, boti linaseseleka mpaka khuvuu!

Posakhalitsa madzi anayamba kulowa pang'onopang'ono m'mphepete mwa thabwa latsopano lija.

"Likumira!" anafuula alamu aja, chimwemwe chili poyera.

"Matabwa akumwa madzi kuti afufume. Zaka zonsezi muli padoko simudziwa?" anayankha mayiwo.

Mumtima anali ndi mantha, koma anakwera ndithu n'kuyamba kukapa ndi chitini. Anakapa tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi, msana ukuwotcha. Tsiku lachitatu anapeza pansi pangonyowa chabe.

Loweruka lotsatira mayiwo anapita panyanja ndi mng'ono wawo. Ukonde unawavuta kuponya, ndipo anabwerako ndi nsomba zosadzaza beseni. Anadutsa nazo pamutu pakati pa asodzi aja osafulumira, n'kukazitula pamiyendo pa amuna awo kuti asankhe okha yodya masana.