Pepala la pa 9 Ogasiti

Sekilitale anatembenuza pepalalo kachisanu, koma silinasinthe: mbali zonse ziwiri zinali zolemba za azakhali ake.

Azakhaliwo anagwira ntchito ya umishonale zaka makumi anayi, khumi ndi ziwiri mwa izo m'dziko la eni, ndipo m'mawa uliwonse ankalemba mawu olimbikitsa akhristu. Popeza sankataya pepala, ankalemba kuseri kwa makalata a anthu opempha mapemphero. Tsopano mpingo unafuna kusindikiza mawuwo m'buku la chaka chonse, tsiku lililonse tsamba lake. Ntchito yotaipa inagwera mwana wa mchimwene wawo, amene iwo ankamutcha Sekilitale. Lamulo linali losavuta: zolemba za azakhali zilowe m'buku, za alendo zisaoneke. Linagwira ntchito pa mapepala 364.

Pepala la pa 9 Ogasiti linakana. Mbali ina inati, "Mulungu sakhala chete, ndife timachita phokoso." Inayo inati, "Ndapemphera zaka khumi ndi ziwiri m'dziko la eni, yankho sindinalimvepo. Mawa ndidzukanso."

Abusa anabwera kudzatenga ntchitoyo chifukwa wosindikiza ankaifuna isanakwane folo koloko. Anawerenga ali chiimire, nanena kuti nkhani inali yapoyera: wina wosadziwa kulemba ndiye anadandaula, Mayi, monga mpingo unkawatchulira azakhaliwo, n'kumulembera. Sekilitale anafunsa kuti wosadziwa kulembayo ankatani m'dziko la eni zaka zonsezo, zofanana ndendende ndi za azakhali.

"Mwanawe," anatero abusa, "digiri yako ija inali ya mafunso okhaokha?"

Anapita onse kuchipinda. Azakhali anakhala pafupi ndi zenera, miyendo yotupa itasanjikidwa pampando. Anatenga pepalalo, nalitalikitsa ndi maso, n'kufunsa amene analemba.

"Ndinu, azakhali."

"Mbali zonse? Ndiye kuti tsiku limenelo ndinali ndi nthawi."

Sekilitale anafuna kudziwa mbali yomwe inayamba kulembedwa. Anafotokoza kuti ngati linayamba dandaulo, mawu enawo anali yankho lake, koma ngati dandaulo linabwera pambuyo, ndiye anali mawu omaliza. Azakhali anaganiza kwakanthawi, nati akukumbukira cholembera chokha, chobiriwira, chomwe chinkadontha inki m'thumba.

Abusa anatsitsa mawu. Anati anthu amatsegula buku lotere kuti alimbe mtima asanapite kuntchito, ndipo dzina la Mayi, lomangidwa zaka makumi anayi, siliyenera kugwera pa pepala limodzi.

"Abusa," anatero azakhali, "inu mumayankhidwa tsiku lililonse?"

Abusa anayang'ana wotchi. Azakhali anabweza pepalalo osasankha, natembenukiranso kuzenera.

Pakompyuta, Sekilitale anayendetsa masamba osadziwa chomwe akufuna, mpaka anaona tsamba limodzi loyera. Wosindikiza anali atasiya malo a pa 29 Febuluwale, ndipo palibe anali ataganizapo zoikamo.

Abusa atamva anapuma mwamphamvu. Anati mbali imodzi ipite kumeneko, anthu aziiwerenga kamodzi pa zaka zinayi, zina zonse zikhale momwe zilili. Anamuyamikira kuti sukulu sinapite pachabe, natuluka kukaimbira foni wosindikiza. Sanafunse kuti ndi mbali iti.

Sekilitale anakhala kaye, zala zili pamakiyi. Kenako anatsegula tsamba la pa 9 Ogasiti, nayamba kutaipa: "Ndapemphera zaka khumi ndi ziwiri..."