Penti Idikira Magetsi, Magetsi Adikira Penti

"Ikukanabe," anatero Mzime, akukankhira kumbali makapu amene anthu a pamaliro anasiya patebulo la bambo ake.

Maliro a bambo akewo anali atangotha, koma mwini nyumba imene malemuwo ankamanga analibe nazo ntchito zimenezo. Ankafuna ndondomeko yatsopano ya ntchito tsiku lomwelo, apo ayi aitana kontilakita wina, amisiri onse a malemuwo atsale manja lende. Mzime, mwana wawo wamkazi, wopaka penti pakampani ya bambo akeyo, ndiye yekha ankaidziwako pulogalamu ya pakompyuta yokonzera masiku a ntchito. Koma akati aiuze kuti ipeze tsiku lomaliza, inkangotulutsa uthenga wofiira wakuti ntchito zina zikuzungulira pamodzimodzi.

"Fufuta zonse, uyambirenso," anatero achimwene ake, munthu amene sananyamulepo ngakhale njerwa imodzi koma malangizo samuthera.

"Achimwene, mukufuna ndidzamalize chaka chamawa?"

Anayamba kulondola ntchito imodziimodzi. Khoma linkadikira maziko, denga linkadikira khoma, zonse zili m'malo mwake. Atafika pa penti anaima. Penti inkadikira magetsi, monga zimayenera kukhalira. Koma magetsi nawo ankadikira penti. Nanga kompyuta yosauka ikanayambira pati?

"Bambo anasokoneza apa," anatero. "Matenda aja anali atawafooketsa."

Anatsegula ndondomeko za nyumba zakale kuti aone mmene ankachitira, ndipo anangoti kukamwa yasa. Paliponse pamene panali ntchito yake, bambo ake anaimangiriza ku ntchito ya wamagetsi, munthu wamanyazi uja amene ankamupatsa moni akuyang'ana nsapato zake. Amisiri ena ankasinthidwasinthidwa, koma awiriwa ayi.

Mayi ake, amene ankapinda malaya a malemuwo pakona, anayamba kuseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirire amuna awo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya omwewo.

"Sanasokoneze ayi, mwanawe. Ali m'chipatala anaitanitsa kompyutayo. Anati, 'Awiri aja amafunana, koma aliyense akudikira mnzake. Ndiwamanga uku ndi uku, tione ngati makinawa sadandaula.'"

Achimwene aja anagwira pamimba n'kuseka. "Ndiye ntchito yonseyi ititaye chifukwa cha chibwenzi chosayamba n'komwe?"

Mzime anasowa poyang'ana. Manyazi anamugwira, chifukwa iye ankaganiza kuti zamumtima mwake amazibisa bwino. Anawalakalaka bambo ake nthawi yomweyo, mwina kuti awakalipire, koma kumwetulira kunakana kuchoka. Pawindo anaona wamagetsi uja ali pamakwerero, akutsitsa mababu amene anayatsa pamaliro popanda womutuma.

Anabwerera pakompyuta n'kudula chingwe chimodzi mwa ziwiri zomangiriza ntchitozo mundondomeko, kuti magetsi asadikirenso penti. Kufiira kuja kunazimiririka. Tsiku lomaliza linatuluka, ndipo linali mkati mwa nthawi imene mwini nyumba ankafuna. Anatumiza ndondomekoyo, amisiri n'kupulumuka. Chingwe chinacho anachisiya mmene bambo ake anachimangira.

"Ukupita kuti?" anafunsa achimwene ake, atamuona akuthira tiyi.

"Msiye apite," anatero mayi awo.

Mzime anatuluka, naika kapu ija pakhonde, n'kugwira makwerero ndi manja onse awiri. Wamagetsi anayang'ana pansi, ndipo ulendo uno anakumana ndi maso ake.

"Tsikani mumwe tiyi," anatero Mzime. "Bambo ati zodikirana zatha."